Walira Chipale Walira Fosholo

Pa nkhani zambiri banja lathu limamvana msanga, koma pa nkhani ya chipale chofewa takhala zaka tisanagwirizane. Ana amachifuna, ndipo amafuna chambiri, chofika m'chiuno. Ife makolo tili pawiri. Tikachiona chikugwa, mtima umakondwa ngati wa mwana. Tikakumbukira kuti m'mawa kuli ntchito, galimoto itakwiririka mpaka m'magalasi, chikondwererocho chimasanduka nkhawa. Maganizo awiriwa amakhala limodzi mwa munthu mmodzi kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndipo palibe amene amagonja.

Tikukhala ku Berrien Springs, tauni yaing'ono ya kummwera chakumadzulo kwa dera la Michigan, ku America. A Adventist ambiri amaidziwa chifukwa cha Andrews University, sukulu imene inayambira ku Battle Creek mu 1874 n'kusamukira kuno mu 1901. Amalawi tilipo ndithu kuno ndi ku South Bend, mzinda wa m'dera la Indiana umene uli pa ulendo wa theka la ola pa galimoto. Ena anabwerera sukulu, ena ntchito, koma tonse nyengo yozizira imatipeza chimodzimodzi.

Matalala tonse timawadziwa: amagwa ngati miyala, amang'amba masamba a chimanga, n'kusungunuka pakangopita mphindi zochepa. Chipale chofewa, chimene ambiri kuno timangoti sinowo, n'chinthu china. Chimatsika mwakachetechete, chopepuka ngati thonje, ndipo mbali yaikulu ya chipale chimene changogwa kumene ndi mpweya. Masentimita 10 a chipale akasungunuka amapereka madzi okwana pafupifupi sentimita imodzi yokha. Vuto lake n'lakuti kukakhala kozizira sichisungunuka. Cha lero chimagwera pa cha dzulo, cha mawa chidzagwera pa cha lero, mpaka milu ya m'mbali mwa msewu imaposa msinkhu wa munthu.

Chimene chimachititsa kuti kuno chizigwa chochuluka ndi nyanja ya Michigan, imene ili makilomita pafupifupi 20 kumadzulo kwathu. Amene anakulira ku Thyolo, ku Mulanje kapena ku Blantyre amadziwa chiperoni, mphepo yachinyontho imene ikafika pa mapiri imasanduka nkhungu ndi mvula yowaza. Zathu kuno zimafanana nazo pang'ono. Mphepo yozizira koopsa yochokera ku Canada imadutsa pamwamba pa nyanja imene madzi ake sanaundane. Madziwo, pokhala ofunda kuposa mphepoyo, amatulutsa nthunzi. Nthunziyo imakwera n'kuundana, ndipo mphepo ikafika kumtunda imakhuthulira zonse pa ife amene tili kummawa kwa nyanja. Akatswiri a zanyengo amati izi zimayamba kusiyana kwa kutentha pakati pa madzi ndi mpweya wa m'mwamba kukafika madigiri 13. Mitambo yake imayenda m'mizere yopapatiza, moti pakhomo pathu pangagwe masentimita 5 kapena kuposa pa ola limodzi, pamene m'tauni ina yoyandikana nafe dzuwa likuwala. Akuluakulu a kuno mpaka lero amasimba za Januwale 1978, pamene ku South Bend kunagwa chipale chokwana pafupifupi masentimita 90 m'masiku ochepa, mzinda wonse n'kuima.

Chimene timachikondera

Munthu angadandaule bwanji, koma m'mawa wa chipale chatsopano ndi wokongola. Chinthu choyamba chimene umazindikira ndi bata. Chipale chofewa chimameza phokoso chifukwa cha mpweya umene uli m'kati mwake, choncho msewu umene umasokosa masiku onse umangoti zii. Zinyalala za m'mbali mwa msewu, udzu wouma, dzimbiri la pa mpanda, zonse zimabisika. Usiku kukakhala mwezi, kunja kumawala moti ungayende popanda tochi.

Tili ana ku Sukulu ya Sabata tinkamva za chipale chofewa m'Malemba, koma chinali ngati dzina la mzinda wakutali. M'chaputala 38 cha buku la Yobu, Mulungu akufunsa Yobu ngati analowapo mosungira chipalechi. Salmo 147 likuchiyerekeza ndi ubweya wa nkhosa. Mawu amenewa amamveka mwatsopano munthu akaima pakhonde, n'kuona kachidutswa kamodzi katatera pa mkono wa jekete, kali ndi nsonga zisanu ndi imodzi zolinganizika bwino. Mlimi wina wa ku Jericho, m'dera la Vermont, dzina lake Wilson Bentley, anajambula chithunzi choyamba cha kachidutswa kotere mu 1885. Pa moyo wake anajambula zithunzi zoposa 5,000, ndipo sanapeze tiwiri tofanana ndendende. Mlengi amene amakongoletsa chinthu choti chisungunuka pakangopita kamphindi, sitingamuganizire kuti ndi waumbombo.

Ana athu anabadwira kuno, ndipo kwa iwo chipale ndi chimene mvula yoyamba inali kwa ife. Ife tinkathamanga m'mvula n'kumaumba ng'ombe zadothi. Iwo amaumba chimunthu cha chipale, n'kuchiika karoti pamphuno, kenako n'kupita kukatsetsereka pachitunda atakhala pa thabwa lapulasitiki. Amabwera m'nyumba atatopa, ali ndi njala yeniyeni, ndipo usiku amagona ngati akufa. Pa tsiku lotere foni imaiwalika yokha popanda kholo kukalipa. Ife amene timaphunzitsa za mpweya wabwino ndi kulimbitsa thupi sitingadane ndi chinthu chimene chimatulutsa ana panja maola atatu.

Alimi a kuno nawonso amachiyamikira. Dera lathu ndi la zipatso: mapichesi, maapozi, mphesa ndi zina. Chipale chikaphimba nthaka chimakhala ngati bulangeti, chimateteza mizu ndi tirigu wodzalidwa nyengo yozizira isanayambe kuti chisanu chisamuphe. Chaka chozizira kwambiri koma chopanda chipale ndi chimene mlimi amachiopa. Chikasungunuka, madzi ake amalowa m'nthaka, ena amatsikira mumtsinje wa St. Joseph umene umadutsa m'tauni yathu, n'kubwerera kunyanja kumene anachokera.

Mtima ndi fosholo

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Kuno timati walira chipale walira fosholo. Chimene chagwa usiku chiyenera kuchotsedwa m'mawa, kuyambira pakhomo mpaka pamsewu, ndipo mizinda yambiri ili ndi lamulo lakuti mwini nyumba achotsenso cha pakanjira ka anthu oyenda pansi. Ukamaliza, chigalimoto cha boma chokankha chipale chimadutsa n'kukusiyira mulu wina wolimba polowera penipeni.

Ntchito imeneyi imapha anthu. Kafukufuku wa ku America anapeza kuti chaka chilichonse anthu pafupifupi 100 amamwalira ndi matenda a mtima akuchotsa chipale ndi fosholo, ndipo ena oposa 11,000 amapita kuchipatala atavulala. Zifukwa zake n'zomveka. Kuzizira kumapanikiza mitsempha ya magazi, motero kuthamanga kwa magazi kumakwera. Ntchito yogwira ndi manja, miyendo itangoima, imalemetsa mtima kuposa kuyenda. Ponyamula cholemera munthu amagwira mpweya mosazindikira, zimene zimawonjezera vutolo. Chipale chonyowa chodzaza fosholo imodzi chingalemere makilogalamu 7, ndipo pakhomo pamodzi munthu amanyamula mafosholo mazana. Onjezanipo kuti ambiri amachita zimenezi atangodzuka, akuthamangira ntchito, atakhala miyezi ingapo osalimbitsa thupi.

Mbale wina wa mumpingo mwathu, bambo wa zaka za m'ma 50, anagwa pakhomo pake m'mawa wina akuchotsa chipale kuti akazi awo atulutse galimoto. Anakulira pa khasu, ndipo fosholo ankaiona ngati masewera. Anapulumuka chifukwa woyandikana naye nyumba anamuona pawindo n'kuitana ambulansi mwamsanga. Titapita kukamuzonda anatiuza kuti ankamva chifuwa kulemera ndi mkono wamanzere kuwawa, koma ankafuna angomaliza kagawo kamene kanatsala. Kuyambira tsiku limenelo, tikaona chipale chikugwa timaonanso nkhope yake ali pabedi la kuchipatala.

M'nyumba mwathu muli malamulo a fosholo. Sitichotsa chipale titangodzuka kapena titangodya chakudya chambiri. Timayamba tayenda pang'ono kuti thupi lifunde. Timakankha m'malo monyamula, ndipo ngati kunyamula n'kosapeweka timapinda mawondo, osati msana. Chikamagwa tsiku lonse timatuluka kawiri kapena katatu kuchotsa pang'onopang'ono, osadikira kuti chiunjikane. Timapuma mphindi 15 zilizonse, timamwa madzi ngakhale ludzu lisakumveka, ndipo timaphimba pakamwa ndi nsalu kuti mpweya ulowe wofundirako. Aliyense wodwala mtima, shuga kapena kuthamanga kwa magazi afunse dokotala asanagwire fosholo. Amene wamva chifuwa kulemera, kubanika, chizungulire kapena thukuta lozizira, asiye pomwepo n'kuitana thandizo. Kagawo kotsalako kadzadikira.

Pamsewu ndi m'nyumba

Sukulu zikatsekedwa, zipatala ndi nyumba zosamalira okalamba sizitsekedwa. Ambiri mwa abale athu kuno amagwira ntchito m'malo amenewa, ndipo mmodzi wa ife m'banja lino amalowa usiku. Agogo amene akudikira kuti wina awatembenuze pabedi, awasambitse ndi kuwapatsa mankhwala, sangauzidwe kuti msewu waipa. Choncho pa nthawi imene wailesi ikulangiza anthu kukhala m'nyumba, wantchito wa usiku amakhala akupala madzi oundana pa galasi la galimoto. Wotsala kunyumba sagona mpaka uthenga utafika wakuti, "Ndafika bwino."

Mantha amenewa ali ndi maziko. Chipale cha kunyanja chikabwera ndi mphepo, woyendetsa galimoto amasiya kuona ngakhale nyali za galimoto ya patsogolo pake. Pa 9 Januwale 2015, pa msewu waukulu wa I-94 pafupi ndi Galesburg, kuno ku Michigan, magalimoto 193 anawombana motsatizana m'nyengo yotere. Mu Disembala 2022, mphepo yamkuntho ya chipale inapha anthu oposa 40 ku Buffalo ndi madera oyandikana nawo, m'dera la New York. Ena anafera m'magalimoto, ena panja akuyesa kuyenda wapansi, ena m'nyumba zopanda moto magetsi atazima.

N'chifukwa chake m'galimoto mwathu simusowa bulangeti, tochi, kafosholo kakang'ono, thumba la mchenga, madzi ndi mtedza. Malangizo a kuno ndi akuti galimoto ikatitimira kutali ndi nyumba za anthu, usatulukemo n'kuyamba kuyenda. Uyatse injini mphindi 10 pa ola lililonse kuti ufunde, utsegule windo pang'ono, ndipo usanayatse uonetsetse kuti paipi yotulutsira utsi sinatsekeke ndi chipale. Ikatsekeka, utsi umabwerera m'galimoto.

Utsi umenewo uli ndi mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha. Umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino. Munthu amamva mutu, nseru ndi tulo, ndipo akagona sadzukanso. Ku America umapha anthu oposa 400 pachaka mwangozi, osawerengera ofera m'moto. Chipale chikachuluka chimatseka mapaipi a ng'anjo zotenthetsera nyumba, ndipo magetsi akazima ena amalowetsa jenereta m'galaja kapena kuyatsa makala m'nyumba. Jenereta iyenera kukhala panja, mamita 6 kapena kuposa kuchokera pa nyumba. Pano nkhani yathu ikukhudza ngakhale amene sanaonepo chipale. Mbaula ya makala yosiyidwa m'chipinda chotseka usiku wa mu Juni ku Dedza kapena ku Mzuzu imatulutsa mpweya womwewu, ndipo imapha chimodzimodzi.

Kuzizira kwenikweniko kulinso ndi zoopsa zake. Pa 30 Januwale 2019 ku Chicago, tsidya lina la nyanja, kunazizira kupitirira madigiri 30 pansi pa ziro, ndipo m'madera ambiri a kuno ngakhale makalata sanayende. Pa kuzizira kotere, khungu losaphimbidwa limayamba kuundana pasanathe theka la ola. Zala, makutu ndi mphuno zimachita dzanzi n'kusintha mtundu. Malo otere sasisitidwa ndipo saotchedwa pamoto. Amaviikidwa m'madzi ofunda ngati thupi la munthu, kenako wodwalayo n'kupita naye kuchipatala. Anzathu ena akuntchito amati kachakumwa kaukali kamafunditsa. Mowa umangotsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva kufunda pamene kutentha kwa m'kati kukutayika. Pa mfundo imeneyi chiphunzitso cha kudziletsa chimapulumutsa moyo usiku womwewo.

Miyezi ya mdima

Chimene chimatilemera kwambiri ndi kusowa kwa dzuwa. Kumapeto kwa Disembala limatuluka 8 koloko itadutsa n'kulowa cha m'ma 5:15 madzulo, ndipo nyanja yomwe ija imene imatipatsa chipale imatipatsanso mitambo. Sabata zingapo zingathe osaona mthunzi wako. Kwa munthu wokulira kumene dzuwa limakhala la ulere ngati mpweya, zimenezi zimalowa m'mafupa.

Zimalowadi m'mafupa, chifukwa khungu limapanga vitamini D likawombedwa ndi dzuwa, ndipo m'madera akumpoto ngati athu ano dzuwa la pakati pa Novembala ndi Febuluwale limakhala lofooka moti silithandiza pa ntchito imeneyi. Khungu lakuda ngati lathu limafuna dzuwa lochulukirapo kuti lipange mlingo wofanana ndi wa khungu loyera. Azaumoyo a kuno amalangiza mayuniti 600 patsiku kwa ana ndi akulu, ndi 800 kwa opitirira zaka 70. Ife amene sitidya nyama timaupeza mu mkaka wa ng'ombe kapena wa soya wowonjezeredwa vitamini, m'mazira kwa amene amadya, ndi m'mapiritsi dokotala akalangiza atayeza magazi.

Mdima umakhudzanso maganizo. Pali matenda a kukhumudwa amene amabwera ndi nyengo yozizira n'kuchoka dzuwa likabwerera. Dokotala Norman Rosenthal ndi anzake anawafotokoza mu 1984. Munthu amagona kwambiri koma osatsitsimuka, amalakalaka zotsekemera, safuna kuonana ndi anthu, ndipo ngakhale pemphero limamulemera. M'mipingo yathu n'kosavuta kumuweruza munthu wotere kuti wabwerera m'mbuyo. Mlongo amene wasowa ku tchalitchi Masabata atatu mu Januwale angafunike dokotala ndi mlendo wocheza naye kuposa chidzudzulo. Madokotala amathandiza ena ndi nyali yapadera yowala kwambiri, imene munthu amakhala patsogolo pake mphindi 20 kapena 30 m'mawa. Chodabwitsa n'chakuti chipale chomwecho chimathandizako. Tsiku la mitambo nthaka ili yoyera limawala kuposa tsiku la mitambo nthaka ili yakuda, ndipo kuyenda panja masana, ngakhale mphindi 20, kumapeputsa mtima.

Sabata ya chipale

Mu Juni timalandira Sabata 9 koloko ya usiku itadutsa, kunja kukadali mbee. Mu Disembala imatipeza tikadali ndi nsapato za kuntchito. Chipale chikagwa Lachisanu masana, ulendo wa mphindi 20 umatenga ola, ndipo kukonzekera kumayenera kuyamba Lachinayi. Nyemba zimaphikidwa, zovala zimasitidwa, ndipo fosholo imagwira ntchito yake yomaliza dzuwa lisanalowe.

Nanga chikagwa usiku wa Sabata? Funso limeneli lakambidwa kambirimbiri pa chakudya cha pamodzi ku tchalitchi, ndipo abale sayankha mofanana. Ena amati fosholo ndi ntchito ngati khasu, isagwiridwe mpaka dzuwa litalowa. Ena amati kutsegula njira yopita ku nyumba ya Mulungu si kuswa Sabata. Ife m'banja mwathu tinagwirizana motere: pakhomo pathu timangotsegula kanjira ngati pali wofunika kutuluka, kukongoletsa kumadikira Lamlungu. Koma moyandikana nafe muli agogo aakazi, a zaka zoposa 80, amene amakhala okha ndipo namwino amabwera kudzawaona m'mawa uliwonse. Pakhomo pawo mnyamata wathu wamkulu amachotsa chipale tsiku lililonse chikagwa, ngakhale pa Sabata, ndipo salandira ndalama. Yesu mwini, m'chaputala 12 cha Mateyu, anaphunzitsa kuti kuchita zabwino pa Sabata n'kololeka. Ambulansi yolephera kufika pakhomo pa nkhalamba siilemekeza lamulo lachinayi.

Masabata ena mapemphero amaimitsidwa chifukwa misewu yatsekeka. Timamva chisoni kusaonana ndi abale, komabe Masabata amenewa ndi ena mwa okoma kwambiri pa chaka. Palibe kuthamanga, palibe komiti ya masana. Timaphunzira phunziro la Sukulu ya Sabata tili pa tebulo, timaimba nyimbo za m'Chichewa zimene ana amazidziwa mawu ake pang'ono, ulaliki timaonera pa intaneti, kenako timaimbira foni okalamba ndi ophunzira okhala okha kuti timve ngati ali ndi moto ndi chakudya. Dziko lonse limakhala litaimitsidwa pamodzi nafe. Oyandikana nafe amene sadziwa za Sabata amapuma nawo mokakamizidwa, ndipo ena amavomereza kuti tsikulo lawakomera.

Tipemphe chiyani?

Pa mapemphero a madzulo ndi pamene kusiyana kwathu kumaonekera poyera. Wamng'ono akapatsidwa mpata, amapempha kuti usiku chigwe chambiri kuti sukulu itsekedwe. Pambali pake pamakhala patagwada kholo limene likulowa ntchito 11 koloko usiku womwewo, ndipo "Amen" amatuluka movutikira. Tsiku lina mwanayo anafunsa kuti, "Ababa, nanga Mulungu amvera ndani, ine kapena Amayi?"

Sitinamuletse pemphero lake, chifukwa chimwemwe chake n'choona ndipo chimachokera kwa Mlengi yemweyo. Tinamuuza kuti nyanja ndi mphepo zili m'manja mwa Mulungu, ndipo Iye amaona mlimi, mwana wa sukulu ndi namwino nthawi imodzi. Tinamupempha kuti akamapempherera chipale azitchulanso anthu amene chipalecho chiwavutitse. Tsopano mndandanda wake ndi wautali: Amayi pamsewu, oyendetsa zigalimoto zokankha chipale, agogo a pafupi, amuna amene amagona pansi pa milatho ku South Bend, ophunzira atsopano ochokera ku maiko otentha amene afika ndi jekete ya ku Zomba.

Mndandanda umenewu watiphunzitsa ife akulu kanthu kena. Chipale chimagwa mofanana pa madenga onse, koma kulemera kwake sikufanana. Kwa amene ali ndi nyumba yofunda, galimoto ya matayala abwino ndi ntchito yolola kugwirira kunyumba, ndi chithunzi chokongola cha pawindo. Kwa wolipidwa pa ola, tsiku lotsekedwa ndi tsiku lopanda malipiro, pamene bilu ya gasi wotenthetsera nyumba yakwera. Kwa wokalamba, kutsetsereka kamodzi pa madzi oundana kungathyole fupa la m'chiuno n'kumuchotsera ufulu woyenda yekha. Kukondwa ndi chipale si tchimo. Koma amene chamukomera ali ndi ngongole kwa amene chamuwawira, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ife amene lero tikunyamula fosholo tidzakhala agogo a pawindo, ndipo funso la kumene tidzakalambire, kuno pafupi ndi ana kapena kwathu padzuwa, limabwera Januwale aliyense popanda kuitanidwa.

Chaputala 31 cha Miyambo chimatamanda mkazi amene saopera banja lake chipale, chifukwa anawaveka onse nthawi ikadalipo. Amayi a Dorika kuno amachita zomwezo. Mu Okutobala amayamba kusonkhanitsa majekete, magolovesi, zipewa ndi nsapato zazitali za ana amene akula, n'kuzigawira mabanja atsopano. Amawaphunzitsa kuvala zovala zingapo zopyapyala m'malo mwa chimodzi chokhuthala, kuyenda pa madzi oundana ndi mapazi aafupi, ndi kuika m'nyumba kachipangizo kolira mpweya woipa ukachuluka. Madikoni amagawana maina a okalamba ndi amasiye, kuti chikagwa aliyense adziwe khomo limene ayenera kufikako. Zonsezi sizichepetsa chipale ndi sentimita imodzi, koma zimachepetsa mantha.

Disembala ndi Januwale, pamene ife tikukumba njira pakhomo, kwathu akupalira ndi kubandira. Tikaimba foni, nkhani yoyamba imakhala ya mvula: yagwa liti, yadula masiku angati, chimanga chafika pati. Tsiku lina tinawaonetsa amayi athu pa vidiyo mulu wa chipale umene unafika pawindo, tikudandaula za msana ndi mchere wa m'misewu umene ukudya galimoto. Anayang'anitsitsa, kenako anafunsa funso la mlimi: "Nanga chikasungunuka chimapita kuti?" Tinawauza kuti chimalowa m'nthaka. Anati, "Ndiye ndi mvula imeneyo, ana inu. Yanu imangobwera yosungidwa. Kuno tikuyang'ana kumwamba sabata yachiwiri."

Tinalibe choyankha. Msana unapitiriza kuwawa, ndipo usiku womwewo mmodzi wa ife anayendabe pamsewu woterera mtima uli m'mwamba. Koma mu Malichi milu ija imada, imafota, madzi amayamba kuyenda m'ngalande, ndipo pansi pake pamatuluka udzu wobiriwira umene unasungidwa bwino miyezi yonseyi. Mu Ogasiti timaima m'mbali mwa msewu kugula mapichesi a m'minda imene inali yokwiririka. Fosholo timaisiya pakhonde mpaka Epulo, chifukwa nyanja ya Michigan imatha kusintha maganizo mochedwa.